Magetsi a mphepo, mawaya omwe aja

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi kupita ku Biriwiri chifukwa alamu anga, a Nangozo, anandiimbira foni. Anati, "Alamu, bwerani mudzandiwerengere pepala lina. Zilembo ndikuziona, koma mutu wake sindikuumva."

A Nangozo ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Ali ndi chigayo cha magetsi m'mbali mwa msewu, komanso munda wa mbatata ya kachewere pamwamba pa phiri, pamene mphepo imaomba ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Mota ya chigayocho yapsa kale kawiri. Kuthima kwa magetsi si kumene kumaiwotcha ayi, kumeneko tinakuzolowera ngati chimfine. Choiwotcha ndi kabweredwe kake. Magetsi amafika ofooka, babu n'kumangofiira ngati khala, kenako mwadzidzidzi n'kubwera ndi ukali wonse.

Pepala lija linali lowapempha kuti avomere kupereka mbali ya munda wa paphiri uja kuti pamangidwe makina opanga magetsi ndi mphepo. Masana a tsiku lomwelo kunali msonkhano wa nkhaniyi pabwalo la sukulu, ndiye tinapita limodzi.

Tinapeza tenti itakhomedwa kale. Kutsogolo kunali chikwangwani chachikulu cha zithunzi: milongoti yoyera ya mapiko atatu itandandalika pa mapiri obiriwira, pansi pake pakudya ng'ombe zonenepa za mtundu umene sunapondepo m'boma la Ntcheu. Olankhula anali awiri. Wina anali bwana wa suti wochokera ku kampani ina ya mumzinda. Winayo anali mkulu wina amene akufuna uphungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo nkhope yake inali pa zitenje za amayi amene anakhala mzere woyamba.

Bwana wa suti anati mphepo ndi yaulere. Anati milongoti idzadzaza mapiri kuyambira pa Biriwiri mpaka kumene maso alekezera, ndipo magetsi ake adzalowa m'mawaya a dziko lonse. Wofuna uphungu anawonjezera mchere. Anati ana athu adzafunsa kuti kuthima kwa magetsi n'chiyani, ife n'kusowa chowayankha.

Tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba, ndisaname.

Itakwana nthawi ya mafunso, kumbuyo kunaimirira bambo wina wachikulire, a Nyoni. Anthu a kumeneko amawadziwa bwino. Unyamata wawo wonse anathera pamwamba pa mapolo a magetsi, kukoka ndi kulumikiza mawaya, mpaka anapuma pantchito. Anavula chipewa n'kuyankhula mwaulemu.

"Zikomo bwana. Mphepo ya kuno ndinabadwa nayo. Imatha kuomba m'mawa wonse, nthawi ya nkhomaliro n'kungoti zii. Ndiye ndimati ndimve, ikaleka choncho, amene akhale akudalira magetsi akewo adzawagwira ndani? Chinanso, magetsi ochuluka chonchowo adzatsika phirili pa waya uti? Poti umene ulipowu ndinaukoka ndine, ndipo ndikuudziwa mphamvu zake."

Bwana wa suti anamwetulira ngati akuyankha mwana wa sitandade wani. "Bambo, zimenezo ndi za akatswiri. Musadandaule nazo."

Wofuna uphungu analanda chimkuzamawu. "Paliponse pamakhala anthu odana ndi chitukuko. Tikuwadziwa amene awatuma."

Amayi a mzere woyamba anayambitsa nyimbo. Anthu anaseka. A Nyoni anavala chipewa chawo n'kukhala pansi, ndipo funso lawo linathera m'nthungululu.

Tsono inu owerenga, tandiuzani. Munthu amene wakwera mapolo mpaka imvi, amene akudziwa polo iliyonse yodyedwa ndi chiswe kuyambira pa Biriwiri mpaka ku boma, ngati iyeyo si katswiri, katswiri ndani? Kapena ukatswiri masiku ano umagulidwa pamodzi ndi tayi?

Msonkhano utatha, alamu anga anaitana a Nyoni ku chigayo. Magetsi anali atathima, ndiye malo okhala analipo ambiri. Tinakhala pa matumba a chimanga cha anthu amene anatopa kudikira.

"Anthu akuganiza kuti magetsi ali ngati chimanga, choti ungakolole n'kuika m'nkhokwe," anatero a Nyoni. "Ayi. Amene akupangidwa pano akuyenera kugwiritsidwa ntchito pano. Opanga ndi ogwiritsa ntchito amayenda ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Ina ikaima mwadzidzidzi, ngolo imagwera m'ngalande."

"Ndiye mphepoyo ndi ng'ombe yotani?" anafunsa a Nangozo.

"Yamphamvu, mayi, koma yosamva chikwapu. Imakoka ikafuna. Ikakhala imodzi pakati pa ng'ombe zambiri zomvera, palibe vuto. Koma mukachulutsa zoterozo, pafunika wina woima pafupi, woti ikangoima iye alowepo nthawi yomweyo. Kaya ndi madzi a m'damu, kaya mabatire akuluakulu, kaya waya wopita kwa anzathu a tsidya ili." Apa analoza ku Mozambique, kumene kuli kungodumpha msewu. "Pafunikanso anthu odziwa kuti mawa mphepo iomba bwanji, kuti akonzekere lero."

"Nanga za waya zija?"

"Mumathirira kabichi ndi paipi ija yaing'ono, si choncho? Talowetsanimo mtsinje wonse muone."

A Nangozo anayang'ana mota yawo, imene amisiri anaikulunganso mawaya mwezi wathawu.

Musandimve molakwa. Ine sindidana ndi mphepo. Ndipotu nzeru yake ndi yabwino kwambiri. Mphepo ya kuno imalimba m'chilimwe, nthawi yomwe madzi a mu Shire amatsika ndipo makina a m'madamu amayamba kupuma mobanika. Kuphatikiza ziwirizi ndi nzeru imene ngakhale mbuzi ingavomereze. Mayiko ena akuchita, ndipo zikuwayendera. Koma iwowo anayamba ndi ntchito yosasangalatsa: kukulitsa mawaya, kusintha mathiransifoma okalamba, kugwirizana ndi mayiko oyandikana nawo, kuphunzitsa anthu okhala m'chipinda n'kumayang'anira kuti goli lisapendekeke.

Ife ntchito yosasangalatsa sitiifuna.

Timakonda chinthu choti chijambulidwe. Mlongoti woyera wautali umaoneka bwino pa chitenje. Umaoneka bwino kumbuyo kwa munthu wodula riboni. Koma munaonapo nduna ikudula riboni ya waya? Munamvapo amayi akuimbira nyimbo thiransifoma? Ina ya pa Kandeu inakhala miyezi ili yakufa akuba atakhetsa mafuta ake, ndipo palibe wa suti amene anapitako ndi tenti.

N'chimodzimodzi ndi zipatala zathu zokongola zopanda mankhwala, ndi mipopi yopakidwa penti imene imatulutsa mpweya wokhawokha. Timamanga mutu wa chinthu, miyendo n'kuisiyira boma lobwera. Boma lobweralo nalonso limafuna mutu wakewake woti lijambulitse.

Chimene chinandiwawa kwambiri si bodza la wofuna uphungu. Iyeyo ndi ntchito yake, monga ntchito ya tambala ndi kulira. Chinandiwawa ndi kuseka kwathu. Tinavotera zipani zambiri kuti munthu azitha kuimirira pagulu n'kufunsa popanda kuyang'ana kumbuyo. Lero sakumangidwa, n'zoona. Timangomuimbira nyimbo mpaka akhale pansi. Aliyense wofunsa watumidwa. Kodi m'dziko muno munatsala munthu amene ali ndi funso lakelake, lobadwira m'mutu mwake?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife tafika pogulitsa wa pamphuno kuti tigule mphepo yeniyeniyo.

Ndinawawerengera alamu anga pepala lija, mzere ndi mzere. Linanena za kukula kwa malo amene akufunika. Linanena kuti mwini munda asadzadzalepo mitengo. Za waya, za kumene magetsiwo adzapite, za chimene chidzachitike ndi mundawo ntchito ikadzalephereka, linali chete. Silinanene ngakhale zoti anthu a pa Biriwiri adzalawako magetsiwo. Akhoza kudzangodutsa pamwamba pa madenga awo ulendo wa kumzinda.

"Alamu, mukuti bwanji?" anandifunsa.

Ndinawauza zoona, kuti munda ndi wawo ndipo ine ndibwerera ku tauni. Anagwedeza mutu n'kupinda pepalalo.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wa komiti ya m'mudzi kudzatolera mapepala. Ambiri anali atasaina kale. A Nangozo anapereka lawo lopanda kanthu.

"Mwaiwala kusaina, a Nangozo."

"Sindinaiwale. Munda uwu ndi umene ukuphunzitsa ana a malemu. A kampani aja abwere adzayankhe zimene anafunsa a Nyoni. Akayankha, ndidzadinda ndi zala zonse khumi."

"Mudzi wonse wavomera. Mukufuna anthu azinena kuti ndinu amene mwatsekereza chitukuko?"

"Azinena. Pakamwa ndi pawo."

Ndipo akunenadi. Dzulo pafoni anandiuza kuti mabanja awiri oyandikana nawo ayamba kukagayitsa kwina, ndipo ku tchalitchi wina anawafunsa kuti alowa liti chipani chotsutsa. Mayi amene sanapiteko ku msonkhano wa chipani chilichonse chibadwire. A Nyoni nawo akuti achinyamata akumawakuwiza pamsika kuti "akatswiri".

Mwina milongoti ija idzabweradi. Ndikufuna itabwera, ndipo ndidzakhala woyamba kupita kukaiona ikuzungulira. Koma tsiku lina masana mphepo idzagona, monga imachitira, magetsi n'kugwedezeka kuchokera ku Biriwiri mpaka ku Manjawira, mamota n'kununkha utsi. Wa suti adzakhala ali ku dziko lina ndi chikwangwani chake. Wofuna uphungu adzakhala ali m'galimoto ya magalasi akuda, nyumba yake ikulira jenereta.

Tidzatsala ndife, oomba m'manja. Ndiye tsiku limenelo, inu ndi ine, tidzati watumidwa ndani?