Mlowam'malo

Chaka chimene mliri unafika ndinkagwira ntchito ya unamwino pachipatala china chachikulu ku Nedlands, kuno kutsidya la nyanja, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri si mantha ayi, koma kutopa. Ndikaweruka ndinkafikira m'galaja, kuvula yunifomu n'kuiponya m'makina ochapira, kudutsa khomo lakuseri mpaka kubafa, ndipo ndikasamba m'pamene ndinkapereka moni kwa anthu a m'nyumba mwanga. Lamuloli ndinadziikira ndekha kuti ndisawabweretsere matenda. Koma pofika nthawi ya moniyo mphamvu zinkakhala zitatha. Munthu akamandifotokozera nkhani ndinkangoti "eya, eya," chonsecho mtima uli kale pa pilo.

M'nyumbamo tinalimo atatu: ine, amuna anga, ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana amene panthawiyo anali ku sekondale. Mwanayu anabwera kuno ali wakumsana. Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno cha kunochi, chimene ngakhale ine nthawi zina ndimati abwereze. Ndi ine ankacheza ndithu. Ndi bambo ake zinkavuta. Iwo akafunsa za sukulu, iye ankayankha liwu limodzi n'kukadzitsekera kuchipinda.

Chimene chinkawakumanitsa awiriwa chinali bezibolo. Ine masewerawa ndinkawatcha raundasi wovala yunifomu: wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira bwalo, basi. Kwathu tinkasewera zomwezo ndi mpira wa mapepala popanda kuvutitsa makolo. Kuno mwana amafunika chipewa cholimba, golovesi yaikulu ngati lichero, ndi kholo lom'perekeza. Timu ya mwana wathu inkasowa munthu wolemba zochitika m'bwalo, ndipo amuna anga, pokhala akauntanti pakampani ina yogulitsa zipatso ndi masamba ku Canning Vale, anadzipereka. Choncho Loweruka lililonse la nyengo yotentha awiriwa ankanyamuka pagalimoto, ndipo pobwera ndinkawamva ali m'galaja akukangana n'kumaseka, mwana akunena bambo ake kuti amayendetsa ngati gogo. Tsiku lina amuna anga anandiuza kuti, "Amayi, mwana ujatu mawu ake ndimawamva Loweruka lokha." Anaseka ponena zimenezi, koma sanali kuseka.

Mliri utafika masewera anaimitsidwa asanafike kumafainolo. Kuntchito kwa amuna anga anawachepetsera masiku, otsalawo n'kumagwirira kunyumba. Ndiye kochi wa timu, bambo wina wachifundo wa nkhope yofiira ndi dzuwa, anawaimbira foni. Anati poti mafainolo alephereka, awathandize kuona m'zolemba zawo amene anasewera bwino koposa chaka chimenecho, kuti adzam'patse chikho pamsonkhano wa pa kompyuta. Munthuyo ankangofuna dzina limodzi.

Akauntanti ukam'patsa laputopu ndi nthawi yambiri, uzidziwa kuti waputa zina. Amuna anga anafufuza mpaka anapeza mmene akatswiri a ku America amayesera osewera awo, ndipo anagwa nazo m'chikondi. Tebulo lodyera linasanduka ofesi. Ine ndinkadya chakudya changa pakona, maso akutsekeka okha, iwo akundilalikira.

"Amayi, zowerenga kuti wamenya kangati n'zachikale. Wina amamenya kambiri koma pamene timu yapambana kale. Wina samenya koma amadikira mpaka woponya alakwitse. Zonsezo zili ndi mtengo wake."

"Eya."

"Funso lenileni ndi ili: tiyerekeze wosewerayu wathyoka mwendo, ndiye mwangotola munthu wamba woti atseke malowo. Timu iluza zochuluka bwanji? Kusiyana kwa iyeyo ndi wotoledwayo, umenewo ndiye mtengo wake. Wotoledwayo ndam'patsa dzina la Chichewa. Ndi mlowam'malo."

"Kuntchito kwathu mlowam'malo timam'pempha tsiku ndi tsiku, sabwera," ndinatero. "Mukam'peza mum'tumize kuwodi kwathu."

Mwana anali pomwepo, khutu limodzi atatseka ndi nyimbo. Anafunsa m'Chingerezi kuti liwu lalitalilo likutanthauza chiyani, ndipo bambo ake anam'fotokozera mokondwa, pang'onopang'ono, mpaka analitchula yekha bwinobwino. Ndikukumbukira kuti ndinasangalala pomuona akuphunzira liwu la kwathu.

Pano ndiyenera kufotokoza za amuna anga, kuti musawayese munthu wankhanza. Anakulira kusukulu zimene tonse tikuzidziwa, kumene tsiku lotsekera aphunzitsi aakulu ankaima pamaso pa makolo n'kuwerenga zotsatira za mayeso kuyambira nambala wani mpaka womaliza. Chaka china ali wamng'ono anatchulidwa kumchira kwenikweni, mayi awo atakhala pansi pomwepo ndi chitenje chatsopano. Amati manyazi a tsiku limenelo ndi amene anawatengera ku yunivesite, n'kuwafikitsa mpaka kuno. Nkhaniyi amaikamba monyadira. Kwa iwo, kumuuza mwana nambala yake pagulu n'kumuchitira chifundo. Chizolowezi cha kuno chopatsa mwana aliyense mendulo, wokhoza ndi wolephera yemwe, ankachitcha kunamiza ana.

Tsiku la msonkhano ndinaweruka madzulo dzuwa lisanalowe. Ndili m'galaja, nsapato imodzi ili m'manja, ndinamva mawu awo kuseri kwa chitseko cholowera pabalaza. Sanali mawu a masiku onse ayi, anali mawu a aphunzitsi aakulu. Ndinamva pambuyo pake kuti anavala jekete ndi tayi, ndipo kochi atati mlembi wathu atiuze wopambana, iwo anaimirira mwaulemu, moti anthu pa kompyuta ankangoona tayiyo. Anatchula nambala wani, kunamveka kuomba m'manja. Kenako ndinamva, "Nambala thuu."

Ndinazindikira kuti awerenga mndandanda wonse. Ndinagogoda chitseko. "Abambo!"

"Dikirani kaye amayi, ndili pamsonkhano."

Kulowa sindikanatha. Ndinali ndisanasambe, tsiku lonse ndinali pakati pa anthu otsokomola. Ndinaima pamenepo ndi nsapato yanga n'kumamvetsera ana a eni ake akutsitsidwa mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Kuomba m'manja kuja kunachepa mpaka kunatheratu. Kochi anatsokomola, anayesa kulowerera ndi mawu othokoza, koma amuna anga akayamba chinthu amamaliza. Ndinkadziwa kale amene anatsala, chifukwa dzina lake linali lisanamveke.

Anam'tchula komaliza, dzina lake ndi la bambo lomwe, ngati mwana wa munthu wina. Ndipo poti aliyense anam'fotokozera, nayenso anam'fotokozera: kuti masamu akusonyeza kuti ali pansi pa mzere, kutanthauza kuti timu ikanaika mlowam'malo sikanataya kanthu, mwina ikanapindulako pang'ono. Anamaliza ndi kulimbikitsa onse kuti alimbikire chaka chamawa. Mwanayo nthawi yonseyi anali kuchipinda kwake, akuonera pafoni yake, monganso anzake onse kumakwawo.

Amati tsobola wakale sawawa, koma uyu wochokera kusukulu ya kumudzi anawawa ndithu. Nditasamba ndinakagogoda kuchipinda kwa mwana. Anayankha kuti ali bwino ndipo akufuna kugona. Ndinabwerera pabalaza nditakwiya, n'kupeza amuna anga akumasula tayi, nkhope ili ngwee ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Mwachita chiyani, abambo?"

"Ndanena zoona. Ndikanam'dumpha, anthu akanati ndakondera wanga. Ndikanam'kweza, ndikanakhala wakuba. Masamu sananame."

"Masamuwo ndiwo anabereka mwana?"

Anatseka laputopu yawo. Inenso sindinapitirize, chifukwa m'mawa mwake ndinali wolawirira kuntchito ndipo ndinalibe mphamvu ya mkangano. Ndinagona nditawapatsa msana.

Chowawa n'chakuti masamuwo sananamedi. Ndinapitako kubwalo maulendo angapo ndipo ndinaona ndi maso anga: mwana wanga ankamenya mpira ngati akukuntha mphasa, mpirawo utadutsa kale. Iye mwini ankadziwa, anzake ankadziwa, kochi ankadziwa. Panalibe amene ankafunika kuuzidwa. Iye sankapita kumeneko kuti akakhale katswiri. Ankapita chifukwa anzake anali kumeneko, ndiponso, ndikuganiza, chifukwa cha ulendo wa pagalimoto uja.

M'mawa mwake kochi anaimba foni. Anthu a kuno akakwiya amawonjezera ulemu, ndiye anathokoza kwambiri chifukwa cha khama lonselo, kenako n'kunena kuti makolo ena sanasangalale. Apa m'pamene amuna anga anayamba kuona kuti kwa eni kulibe mkuwe. Anapepesa kwa kholo lililonse, ndipo ambiri anaseka n'kukhululuka, poti anaona kuti munthuyo sanali ndi mtima woipa. Kwa mwana wawo sanapite ndi kupepesa, anapita ndi thandizo. Anagula neti n'kuimanga kuseri kwa nyumba kuti azikonzekera. Anamusonyeza pa laputopu pamene ankalakwitsa ndi mmene angakwerere. Mwana ankamvetsera mwaulemu, kuthokoza, n'kubwerera kuchipinda. Sanakalipe, sanalire pamaso pathu. Netiyo inakhala kuseriko miyezi yonse yozizira mpaka akangaude anamangamo nyumba, ndipo ine ndinayamba kuyanikapo matawulo.

Ndinayesa kuwayanjanitsa, koma ndinkayesa ngati munthu wotopa, mawu awiri apa, mawu awiri apo, kenako tulo. Malire a boma lino anali otseka, kwathu kosapitika, abale oti n'kukhala nawo pansi kunalibe. Ndinkadziuza kuti nyengo yotentha ikabwera zidzatha zokha. Ndinaiwala kuti madzi akatayika saoleka.

Nyengo yotentha inabweradi, matenda kuno anali ochepa, ndipo masewera a ana anatsegulidwanso. Tsiku lina tikudya, amuna anga anati kulembetsa kwayamba, ndipo afuna kudziwa ngati nsapato za chaka chatha zikumukwanabe. Anafunsa mosamala, maso ali pambale. Mwana anaika foloko pansi, anawayang'ana, n'kuyankha m'Chichewa, mawu akupendekeka pang'ono koma omveka bwino lomwe.

"Adadi, pezani mlowam'malo."

Zaka zonsezi tinkam'nyengerera kuti alankhule chilankhulo chathu, mpaka kumulonjeza mphatso. Tsiku limene anatilankhuladi ndi limenelo. Ndinadzuka n'kukatsegula madzi kusinki, ngakhale munalibe mbale yoti nditsuke.

Amuna anga anali atalonjeza kale kochi kuti apitiriza kulemba, bola asadzalankhulenso pamsonkhano, ndipo iwo sabweza lonjezo. Choncho Loweruka lililonse ankanyamula mpando wawo ndi chipewa, n'kupita okha kukalemba za ana a anthu ena. Mwana ankatsala akugona, kapena ankakwera sitima kupita m'tauni ndi anzake. Pobwera galimoto inkalowa m'galaja, injini kuzima, kenako zii kwa kanthawi chitseko chisanatseguke.

Loweruka lina ndinali pa ofu, ndinawapeza atakhala m'galimotomo, manja ali pa chiwongolero. Ndinatsegula chitseko cha mbali inayo n'kukhala pampando wa mwana. Mkwiyo unali utatha kalekale, kunangotsala chisoni.

"Nanga mlowam'malo uja anapezeka?" ndinafunsa.

"Anapezeka. Kamtsikana kena kochokera kutimu ya ana."

"Kakusewera bwanji?"

"Kakumenya bwino kuposa iyeyu. Timu ikupambana." Anayang'ana khoma la galaja. "Masamu anali olondola, amayi. Kungoti njira ija yatalika. Masiku ano palibe wondiuza kuti ndikuyendetsa ngati gogo."