Galasi Lomwe Ndinati Lalowa Mafuta

Mundikhululukile polemba za kuwala, ine amene ndinaphunzila kumudzi kwa Luembe, pasukulu pomwe zipangizo zonse za sayansi zinali kukwana m'kabati imodzi. Ndalimba mtima chifukwa cha aphunzitsi athu a sayansi, amai ochokela kumpoto, amene Chinsenga chinali kuwapinda lilime.

Anatiuza kuti ku Petauke kudzakhala chionetselo cha masukulu, ndipo adzapita ndi mwana mmodzi amene adzaonetse kuti kuwala kumayenda ngati mafunde. Ine ku Petauke ndinali ndisanapondeko, ndipo ndinafunitsitsa.

Aliyense anapatsidwa kagalasi. Umakadetsa ndi mwaye wa koloboyi, n'kugwila malezala awili pamodzi, n'kukanda timizele tiwili toyandikana. Ukasuzumila pa timizeleto kuyang'ana kamng'alu ka chitseko polowela dzuwa, uyenela kuona mizele yoyela ndi yakuda, monga m'buku, pakuti mafunde a kuwala odutsa pa timizele tiwilito amakumana.

Ine ndinaona mitundu. Pakati poyela, m'mbali buluu, chikasu, kufiila. Ndinati ndi palafini wa koloboyi, pakuti mafuta akatayikila m'chithaphwi pachigayo amaoneka momwemo. Ndinatsuka ndi sopo, n'kudetsa ndi kandulo. Mitundu yomweyo. Ndinayesa utsi wa nkhuni, osasintha.

Tsiku losankha ndinabisa galasi m'thumba.

"Iwe, galasi langa wadya?" anafunsa aphunzitsi.

"Lalowa mafuta, amai, likuoneka ngati chithaphwi cha pachigayo."

Analilanda, nasuzumila nthawi yaitali, kenaka anaseka. "Mafuta ati? Anzako akanda misewu ya ngolo, iwe wekha ndiwe wakanda bwino, n'kumabisa!"

Sanandinyoze. Anati buku likunena za kuwala kwa mtundu umodzi, pomwe kuwala koyela kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse. Mtundu uliwonse uli ndi utali wake wa funde, motelo umaika mizele yake pamalo akeake: buluu mothinana, kufiila motalikilana. Pakati yonse imakumana, n'chifukwa chake pamayela. Kutali imasakanikilana mpaka mizele kuzimilika. Kenaka anatulutsa pepala lofiila la switi, naphimba nalo galasi.

"Suzumilanso."

Mizele yofiila ndi yakuda, yoongoka bwino.

"Ndipo za pachigayo sunaname," anatelo. "Mitundu ya mafuta aja nayonso ndi mafunde okumana. Ukakanene zimenezo ku Petauke, koma mokweza, osati kulankhulila m'khosi."

Galasi ndinalikulunga m'kansalu kuti mwaye usafufutike. Tinakwela basi pa Nyimba Lachisanu lomaliza la temu yachiwili.