Malaya amene sanavulidwe

Abambo anga anali munthu wosamva, Mulungu awakhululukire. Ng'ombe zawo ziwiri za ngolo, zimene zinkatitutira mbatatesi kwathu ku Ntengo-Wambalame, ankazikonda kuposa ife ana awo, ndipo ndinkawauza pamaso. Mankhwala a nkhupakupa ankagula pamsika, opungulidwa m'kagarafa, kabotolo ka zakumwa kopanda pepala. Ankasungunula mongoyerekeza, n'kumapaka ng'ombe ndi chisanza, manja ali pamtunda. Ndikawaletsa ankaseka, ati khungu lawo linakhwima kalekale ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

Tsiku limenelo ine ndinali kudimba. Pakhomo panali alamu anga okha, akazi a achimwene, amene anali atangolowa kumene m'banja lathu. Abambo atawerama akupaka ng'ombe, ina inaponda chidebe, mankhwala n'kuwakhuthukira abambo pachifuwa ponse. Iwo anangokung'untha malayawo n'kupitiriza ntchito.

Dzuwa lisanafike pamutu anagwa kuseri kwa khola. Alamu anawapeza akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, dovu likuchucha. Anaona malaya onyowawo, fungo analimvanso. Koma mtengwa angavule bwanji apongozi ake aamuna? Ngakhale madzi akumwa ankawapatsira chogwada, nkhope atayang'ana kumbali. Poona kunjenjemerako anaganiza kuti ndi mphepo yathu ya ku Tsangano, choncho anawafunditsa mabulangete awiri, n'kuwamwetsa mkaka monga mmene tonse tinkamvera kuti umapha poizoni. Kenaka anathamanga kukafuna mota, njinga yamoto yowatengera kuchipatala.

Ndinawapeza kuchipatala. Aenfermera, anamwino a pamenepo, anang'amba malayawo ndi lumo, akulamula kuti tibweretse madzi ndi sopo msanga. Anati mankhwala aja amalowera pakhungu, ndipo m'mabulangetemo ankangolowabe njira yonse. Mkakanso anati sukanathandiza kanthu. Atatembenuka anafunsa:

"Ndani anawasiya ndi malaya amenewa?"

Abambo anatisiya madzulo omwewo, chifuwa chikulira ngati madzi owira.

Ndinakwiya, sindinama. Ndinakwiyira wogulitsa uja, ndinakwiyira abambo, ndinakwiyira ndi ng'ombe zomwe. Alamu okha ndi amene ndinalephera kuwakwiyira, poti nanenso, mwana wawo wamkazi, sindidziwa ngati manja anga akanafika pamabatani aja.

Titachoka kumanda ndinawapeza alamu atakhala kuseri kwa khola, pomwe abambo anagwera. Sanalire mokweza. Anangondigwira chitenje n'kunena chapansipansi:

"Alamu, inetu ndimati ndikuwalemekeza."