Mkamwana Wosagwada

Ndikatseka maso, Wovwe imandibwerera ili m'madzi. Minda ya mpunga itasefukira, thambo litagona pansi, akakowa akuponda mitambo mosafulumira. Ndinakwatiwa kumeneko ndili mtsikana, ndipo bondo langa lamanzere linandichititsa manyazi mwezi woyamba womwe.

Kumeneko mkamwana, mkazi wa mwana wa pakhomo, salonjera apongozi ali chiimire. Umagwada, ngakhale madzi akumwa umapereka uli pansi. Kugwadako ndinkagwada bwinobwino, vuto linali podzuka. M'mawa wina ndikudzuka pamaso pa apongozi anga aakazi, kafupa kozungulira kapabondo kaja kanaguluka n'kuthawira kumbali. Ndinagwa ndi kapu m'manja. Nditawongola mwendo, kanabwerera kokha. Apongozi anati ndakodwa ndi chitenje. Kanabwerezanso m'matope tikuwokera mpunga, ndipo kachitatu sindinakafune. Ndinasiya kugwada, ndinkangoweramitsa mutu.

Pamjigo nkhani inapsa. Akuti wa kusukulu uja ndi wamatama, mawondo ake ndi agalasi. Zinkandikwiyitsa zedi, chifukwa kutupa kukaphwa bondolo linkaoneka ngati la wina aliyense. Ndikanawaonetsa chiyani? Mwamuna wanga ankagwira ntchito ku boma, Loweruka akabwera ankangokanda m'mutu. Tsiku lina apongozi anandilongedzetsa chikwama.

“Tiyeni kuchipatala, mkamwana. Akapanda kupeza kanthu, mupitirire kwanu mukaphunzire mwambo.”

Mu minibasi ndinatsamira zenera. Nthochi, ng'ombe, njinga zonyamula matumba, zonse zinkadutsa ngati ndikuziona pansi pa madzi. Ndinkapemphera pemphero lachilendo, loti ndipezeke wodwala.

Dokotala anali bambo wofatsa, wolankhula Chichewa cha kummwera. Anandiimiritsa kaye, n'kuona kuti mawondo anga amagundana mapazi ali motalikirana. Anandiuza ndipinde chala chachikulu chakumanja mpaka chikhudze mkono, chinakhudza. Kenako anandikhazika m'mphepete mwa bedi kuti ndiwongole mwendo pang'onopang'ono. Kafupa kaja kanakwera bwinobwino, koma kumapeto kanakhotera kunja. Apongozi anali pakona, manja atapinda, osaona chachilendo.

Ndiye dokotala anandigoneka chagada, n'kupinda bondo pang'ono pamkono pake. Anaika chala chake pakafupa kaja n'kuyamba kukakankhira kunja, mofewa ngati akusisita mwana. Chodabwitsa, sankayang'ana bondo, ankayang'ana nkhope yanga. Ululu unali usanafike n'komwe, koma thupi lonse linakumbuka matope aja. Ndinakuwa, ntchafu inauma, ndipo ndinagwira dzanja la dokotalayo ngati ndagwira wakuba.

Anachita chimodzimodzi kubondo lamanja. Ndinangogona phee.

“Amama, mwaona nkhope ija?” anatero kwa apongozi. “Ndi imene ndimafuna. Kafupa aka kamayenda m'kangalande, ndiye kangalande kawo n'kosazama, ndipo mtsempha wokagwira mkati unatamuka. Munthu amene kanamugulukapo amachita mantha chonchi. Kugwada asiye kaye.”

Apongozi potuluka ananyamula chikwama changa chija, n'kuchisenza pamutu, iwo patsogolo ine pambuyo, mpaka pokwerera minibasi ya ku Wovwe.

M'mawa mwake ndinapeza kampando kakafupi pakhomo pawo. Sanapepese, sanali munthu wa zimenezo. Anangoloza ndi mlomo. Kuyambira tsikulo ndinkawalonjera nditakhala pakampandoko. Dokotala anatiuza zolimbitsa ntchafu, ndiye masana alionse apongozi ankandimangirira kathumba ka mpunga kuphazi, n'kumawerenga m'Chitumbuka ine ndikukweza mwendo. Ndikaba kamodzi ankayambiranso. A pamjigo aja anayesa kuseka, koma apongozi anawayankha kamodzi kokha, ndipo sindinamve kuti anati chiyani.

Zaka zinayenda ndi madzi a m'ngalande. Ana anabadwa, kampando kanasalala, bondo linalimba ngakhale mpaka lero sindilikhulupirira pamalo poterera. Nthawi zina ndimalota kafupa kaja katachoka, kakuyandama m'munda wa mpunga, apongozi akukathamangira atakwinya chitenje.

Apongozi anadwala nthawi yokolola, mudzi wonse ukununkhira mpunga watsopano. Masana ena anapempha madzi ali gone pamphasa. Pakampando sindikanawafikira. Ndinakakankhira kumbali, n'kugwada, mawondo onse awiri pansi, koyamba chichokereni kuchipatala kuja. Ndinawadzutsa mutu, anamwa pang'ono. Kenako dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza bondo lamanzere, n'kuphimba kafupa kaja kuti kasathawe.

“Wukani, mkamwana,” ananong'ona. “Khongono lira.”

Ankandiuza kuti ndidzuke chifukwa cha bondo lija. Ine amene ankanditcha wamwano ndinali ndisanawakanirepo mawu chikwatiwire. Tsiku limenelo ndinakana. Ndinakhalabe chogwada mpaka dzanja lawo linatsetsereka lokha.