Madzi a Kudimba Atalowa M'paipi

"Amake mwana, kodi kudimba mwafikako lero?" anandifunsa mayi woyandikana nane nyumba, keni yothirira youma ili m'manja. Ndinati ayi, mwana wadzuka ndi chifuwa. "Kadzionereni nokha," anatero.

Ndinabereka mwana n'kutsetsereka. Ngalande yobweretsa madzi kuchokera kukasupe wa m'phiri inali gwa, matope atayamba kale kung'aluka. Chibadwire ndinali ndisanaione itauma, ngakhale mu Okutobala. Tinkathirira mosinthana, akumtunda m'mawa, ife akumunsi masana. Ukamaliza unkatseka pako ndi chibuma kuti madzi apite kwa mnzako.

Chopweteka n'chakuti madziwo tinawathamangitsa ndi makasu athu omwe. Anthu a ku boma atabwera ndi nkhani ya mipopi, tinavina. Ndani safuna madzi oyera pafupi? Maenje a mapaipi tinakumba tokha, ine mwana ali kumsana. Pamsonkhano mkulu wa ntchitoyo anafunsa ngati wina ali ndi mawu. Tonse zii. Masiku amenewo ukafunsa funso pa chitukuko, ankati ukuderera chipani. Othirira madimba tinali ife amayi, koma tinakhala kumbuyo n'kumangowomba m'manja. Mumtima ndinkati paipi idzamwako pang'ono, otsalawo aziyenda monga kale.

Tsiku lomwe ndinapeza ngalande itaumalo, ndinakwera kukasupeko ndi mnzanga woyandikana nane uja. Tinapeza atamangapo thanki ya simenti, yovundikira. Madzi ankamveka kulira m'katimo, koma kunja ngakhale dontho. Onse ankatsika ndi paipi mpaka kumsika wa kumsewu, ife n'kutisiyira mpopi umodzi.

"Madzi athu alowa tauni, mayi," anatero mnzangayo. "Adzabwerera atavala nsapato."

Sindinaseke. Tinapita kwa bambo amene anasankhidwa kuyang'anira mpopi wathu, kukapempha kuti aboole kabowo pathankiyo, madzi osefukira azigwera m'ngalande.

"Amayi inu, madzi awa ndi akumwa, si a kabichi," anayankha motsitsa mawu. "Pamsonkhano paja simunalipo?"

Tinalipo. Ndinayesa kutunga pampopi n'kumasenza ndowa mpaka kudimba, koma nthaka inkamwa ndisanatembenuke n'komwe.

Chaka chimenecho ndinataya mabedi asanu a kabichi atayamba kumanga mitu, kachewere yense, nazale ya tomato, ndi mbewu ya anyezi imene amayi anga anandipatsa pokwatiwa.