Mmene a Bronka Anamizira Chijasi Chawo

A Bronka Sroka sanaphunzitsepo mwana ngakhale chilembo chimodzi, koma pasukulu ya m'mudzi mwathu panalibe choyenda popanda iwo. Ndiwo ankaliza belu, kukolopa, kusonkha moto m'makalasi, ndipo makiyi onse ankagona m'thumba la epuloni yawo. Ine sukuluyo sindinapite nayo patali. Chomwe ndinatolako ndi khutu limodzi lalitali kuposa linzake, ntchito ya zala zawo.

Ntchito yomwe ankainyadira inali ya Marzanna. Chaka chilichonse m'Malichi ankamanga chidole cha mapesi a tirigu, chachikulu ngati munthu, chomwe timachitcha Marzanna, n'kuchiveka nsanza, ndipo ana ankachinyamula akuimba kukachiponya mumtsinje kuti chisanu chipite nacho. Malamulo ake ngakhale wa m'kalasi yoyamba amawadziwa: chikagwa m'madzi osachikhudza, pobwerera osacheuka. Wochikhudza wabweza chisanu.

Amuna awo, a Heniek, ankayendetsa galimoto yotolera mkaka. Chaka china nthawi yokumba mbatata anapita kukakonza firiji kusitolo ya a Lodzia, ija ili pamlatho, ndipo mpaka lero akuikonzabe. Podzatenga katundu wawo anasankha nthawi yomwe akazi awo anali kusukulu, n'kunyamulanso chijasi cha a Bronka chobiriwira, cha ubweya wa nkhandwe pakolala, chomwe mlongo wawo anawatumizira kuchokera ku Amereka. Lamulungu lotsatira a Lodzia anachivala ku Misa, benchi yakutsogolo, mabatani akulira chifukwa cha kukula kwa thupi lawo.

Tinapita kukawasonkhezera a Bronka, monga anthu achifundo.

"Mwangokhala, mayi?"

"Mwamunayo atenge, ankandisowetsa tulo ndi mkonono," anatero akufinya chikolopa. "Sunthani, mwaponda ponyowa."

Tinabwerera manja lende. Tinkayesa nkhani yafera pomwepo.

Kenako linafika Tsiku la Agogo, mu Januwale. Pamenepa ana amalakatula ndakatulo, kenako aliyense amapereka duwa lapepala kwa agogo ake. A Bronka anali ndi mdzukulu mmodzi yekha, Jagoda, yemwe anali atangoyamba sukulu, ndipo kwa sabata yathunthu mayiwo ankasesa zidutswa za pepala lofiira m'kalasi mwake akunamizira kuti sakudziwa kanthu. Tsikulo anali kumbuyo ndi ketulo, chifukwa tiyi wa alendo inalinso ntchito yawo. Tinangoona a Heniek akulowa, a Lodzia ali pamkono, molunjika kumipando yakutsogolo.

Mphunzitsi wa Jagoda anali kamtsikana kachilendo kochokera kutauni, kosadziwa kuti wakwatira ndani, walanda ndani. Kataona mwana akuyang'anayang'ana, kanamugwira paphewa n'kumukankhira kutsogolo. "Agogo ako si awo ali pambali pa agogo aamuna? Pita, usachite manyazi." Mwana anapereka duwa kwa a Lodzia. A Lodzia anamupsompsona mokweza kuti holo yonse imve, n'kutukula kapu osatembenuka n'komwe.

"A Bronka, shuga muno mulibe."

A Bronka anathira shuga, n'kutakasa okha. Ine ndinawaona akubwerera kumbuyo ndi ketulo yawo, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti kukubwera zinthu.

Mwambo utatha, chijasi chinasowa m'kachipinda kopachikamo zovala. A Lodzia anakokera komweko ahedi, bambo Wrona, munthu woopa phokoso kuposa moto.

"Mayi Sroka, kiyi wa muno ali ndi inu," anatero ahedi akuyang'ana nsapato zawo.

"Chasowa n'chotani?"

"Chobiriwira, cha ubweya pakhosi."

"Chotere ndinali nacho inenso, chinabedwa. Akuba achuluka, a hedi."

A Lodzia anapita kwawo atavala jekete ya a Heniek, mwini wake akutsatira m'mbuyo ndi malaya okha, mano akuwombana.

Malichi atafika, Marzanna anatuluka atakulungidwa m'nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anyamata akuluakulu ankachita kusinthana pomunyamula.

"Wanenepa chaka chino," anatero ahedi.

"Wadya bwino. Za eni ake," anayankha a Bronka.

Ine ndinathamangiratu kukakhala pakhonde la sitolo, pamodzi ndi madala omwera mowa pamakireti. A Lodzia anali pakhomo, manja ali m'chiuno, akuonerera ana. Gulu litaima pakati pa mlatho, a Bronka anati nsaluyo ndi yasukulu, yoyala patebulo la alendo, singapite m'madzi. Anaikoka kamodzi.

Chijasi chija chinaonekera poyera, Marzanna atachivala, chitafutukuka ndi mitsamiro kutsogolo ndi kumbuyo, mabatani ali pafupi kuthothoka. Tsitsi linali la chingwe chonyika mu utoto wofiira. Pachibwano anamatapo nyemba yakuda, pomwe pali kanjerewere ka a Lodzia. Kudzanja anamangirira kapu.

Mdala wina mowa unamutulukira m'mphuno, ndipo mlatho wonse unaphulika. Ahedi anayasama kuti aletse, koma anyamata anali ataponya kale.

"Tembenukani nonse," anatero a Bronka. "Wocheuka athana ndi ine."

Ana anabwerera ali ndondondo, makosi ali gwa. Ahedi nawonso, mwina poopa chisanu, mwina poopa a Bronka.

"Iwe Heniek, ukuyang'ana chiyani? Lowa ukachitenge," anatero a Lodzia akuwakankha pamsana.

"Madziwo muli ayezi, Lodzia."

"Kapena ukagone kwa mkazi wako?"

A Heniek anavula nsapato. Madala anawachenjeza kuti asachikhudze, wina anawakumbutsa kuti ngakhale mdzukulu wawo amadziwa zimenezo, koma bambo analowa mpaka m'chiuno, n'kumukumbatira Marzanna ngati akuvina naye, n'kumukokera kumtunda. Mudzi wonse unaona.

Sabata isanathe chipale chofewa chinagwa choti sitinachionepo m'Malichi, ndipo chinakhala mpaka Pasaka. Tinapita kukadalitsa madengu a mazira titavala majombo. Ansembe analalikira kuti za chidolezo ndi zachabe, ife tinavomera ndi mitu, koma potuluka aliyense yemwe nkhuni zinamuthera ankadziwa wolakwa. Azimayi anayamba kukwera basi kukagula buledi kumudzi wina. Ana akamadutsa pasitolo ankaimba nyimbo ya Marzanna, osacheuka. Chijasicho chitauma chinakwinyika, nkhandwe inasosoka, fungo la matope linakana kuchoka. Pano amagonerapo galu wa kusitolo.

A Heniek anatsokomola mwezi wonse. Tsiku lina anakagogoda pomwe a Bronka ankawaza nkhuni kuseri kwa sukulu, chipewa chili m'manja.

"Bronka, bedi langa lija likadalipo?"

"Ndinasonkhera moto. Chisanu chinatalika chaka chino, simunamve?"

Januwale wotsatira a Heniek anabwera okha n'kukhala pafupi ndi chitseko. A Lodzia phazi lawo silinapondenso pasukulupo. Ana atangoyamba kufola, a Bronka anavula epuloni, anapatsira ahedi ketulo m'manja, n'kukakhala pampando wapakati kutsogolo. Jagoda sanadikire kukankhidwa. Duwa lake linali lalikulu ngati kabichi, ndipo agogo ake analiika pamiyendo, n'kulisalaza ndi zala zija zokokera makutu.

Bambo Wrona anafika ndi ketulo, akudontheza tiyi pansi pokolopa kale. A Bronka analawa, n'kutukula kapu.

"A hedi, shuga muno mulibe."