Bere Lisagone ku Milanje

Mwana wanga woyamba atangoyamba kukhala pansi, tinapita ku Milanje, tsidya lina la boda, kumene makolo athu anachokera, kukavundukula chiliza cha agogo aamuna. Linali Loweruka. Mwanayo anali ndi chifuwa, ndipo galimoto ya alamu anga ndi yosatseka kumbuyo, choncho ndinamusiya ndi amayi kwathu ku Namitambo.

Ndikukwera, amayi anandigwira mkono. "Ubwere lero lomwe. Bere likagona kutali ndi mwana, mkaka umasasa. Ukagona komweko, uyu waleka kuyamwa basi."

Kusikelo anatiuza kuti mkaka suwonongeka, koma amayi anga ndi achemwali awo ndimawadziwa. Sakanandilola ngakhale kumuyandikiza pachifuwa. Chonsecho mwanayo phala ankangolavula.

Alamu anati tinyamuka dzuwa likangopendeka, popeza chipata cha pa boda amatseka kusanade. Koma mapemphero anatalika, kenako chakudya, kenako kutsanzikana khomo ndi khomo, uku nandolo, uku chinangwa. Ine ndili chiimire pambali pa galimoto, mabere ali gwa.

Tinapeza pa boda pali mzere wosaoneka kothera: malole, njinga zosenza matumba a chimanga, onse kuthamangira kuwoloka. Tinkasuntha pang'ono, n'kuima. Dzuwa linali litafiira kale.

"Alamu, tiwoloka koma?"

"Khalani pansi alamu, mukundiwotcha khosi ndi mpweya. Akuluanu sandivutitsa chonchi. Galimoto ilibe mapikotu iyi."

Ndinakhala. Bulauzi inayamba kunyowa, ndinaiphimba ndi chitenje. Mayi wina wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anaona.

"Achemwali, wakhandayo ali kuti?"

"Ku Chiradzulu."

"Iii! Ndiye mwakhaliranji pamenepo? Tsikani, oyenda pansi sadikira malole."

Ndinasiya nandolo, ndinasiya nsapato zakutchalitchi, ndinavala patapata n'kuthamanga. Pawindo la ofesi ya pa boda panali bambo wa yunifolomu wolankhula Chipwitikizi. Anandifunsa zinazake, sindinamve. Anafunsanso mokweza. Chilomwe chimene ndimadziwa chonse chinandithawa, ndinangoti, "Mwana." Anayang'ana bulauzi ija, anayang'ana kumbali, n'kudinda chiphaso changa.

Ndili pakati pa mlatho ndinamva unyolo wa chipata ukulira kumbuyo. Galimoto ya alamu inagona tsidya lomwelo.

Minibasi imene ndinakwera, yodzera msewu wa Midima, inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ine ndikuluma chitenje. Nditatsika ndinakwera kabaza, ndipo sindinamulole mnyamatayo kutsika pachitunda, ndinkamukankha pamsana ngati zithandiza.

Ndinafika anthu asanatseke zitseko. Amayi anali pakhonde, mwana ali m'manja, mawu atamuthera ndi kulira. Ndinatambasula manja koma sanandipatse.

"Finyira pansi kaye wapamwambawo, wayenda padzuwa."

Sindinatsutse. Ndinagwada pafumbi n'kufinya mbali zonse ziwiri. Atandipatsa, mwanayo anagwira bere ndi manja onse, n'kundiluma ndi nkhama mpaka misozi.